Munda wa M'foni

Khalani apa malume, pakhonde pali kamphepo.
Magalasi ali m'thumba la shatilo, valani.
Foni igwireni chopingasa ngati mukupeta,
chala chachikulu uku, chinzake uko.
Kamunthu ka chipewa chamlazako ndinu.
Ee, a Mulipa, dzina ndakulemberani kale.

Poyamba musathamangire kulima munda wonse.
Ndikudziwa, mkono wanu unazolowera
kugwira khasu tambala asanalire,
koma muno mphamvu amachita kukuyezerani
ngati mafuta ophikira a m'kapepala pamsika wa Chilobwe.
Kachingwe kobiriwirako kakatha mugwa chafufumimba,
mudzuka mawa ndalama zitaperewera.
Lambulani pang'ono, mapando khumi ndi awiri,
kwinako ndi kwa mawa.

Mitengo mukadula musagulitse.
Matabwa akakwana khomani bokosi,
poti chikwama chanucho n'chaching'ono
ngati cha mwana wa sukulu ya mkaka.
Miyala, ulusi, utomoni, udzu womwe, ponyani momwemo.
Chomwe mwataya lero
n'chimene wosula zitsulo adzakufunseni mkuja.

Mbewu gulani zocha msanga,
ndipo musakhuthule thumba lonse pa kauntala.
Muziyang'ana kalendala ili pakhoma la sitoloyo:
nyengo ikatembenuka, zam'munda zimafota usiku umodzi
ngakhale zikanapsa m'mawa mwake.
Thirirani tsiku lililonse.
Kukagwa mvula keni ipume,
inu tsikirani kumgodi kapena mukaponye mbedza.

Mwaseka chiyani?
Kuti mvula ya muno ili ndi ulemu?
Inde. Imayamba yalengezedwa dzulo lake,
imagwa tsiku limodzi n'kukata.
Siitsika ndi miyala kuchokera m'Soche pakati pa usiku,
siinyamula dimba la munthu ndi mpanda womwe,
mpiru, tomato, nthochi zisanu ndi ziwiri zija,
n'kusiya mchenga ndi nsapato ya mwana wa eni.

Pepani. Sindimafuna tifike kumeneko.
Dinani apa, titseke kampanda.

Akhwangwala aliko, amakuba ngati a kuno.
Imikani chiopsezo pakati pa mizere
mbewu zisanamere, osati zitatha.
Keni mukafuna aikulitse,
perekani kwa wosula madzulo oti mawa kugwa mvula,
poti amakhala nayo masiku,
ndipo ndi mmisiri yekhayo m'Blantyre muno
amene akati Lachinayi limakhaladi Lachinayi.

Anthu a m'mudzimo muziwapatsa moni.
Mayi wa pasitolo amakonda maungu,
wosula amakonda mazira a bakha,
koma mukam'patsa duwa amakwinya nkhope
ngati kondakitala wa minibasi ya ku Limbe
mutam'patsa ya zikwi zisanu m'mamawa.
Musakhumudwe. Mawa mum'patsenso moni,
tsiku lina adzakuphunzitsani kumanga ng'anjo.

Chachikulu n'ichi, malume, mumvetsetse:
kamunthu kanu kazigona musanazimitse.
Tsiku losagona silisungidwa.
Chifuniro analira sabata yatha,
magetsi atathima, batire n'kufa,
khola lake la nkhuku n'kubwerera kukhala matabwa.

Malume?
Mukundimva koma?

Onani, mwalambula kale mpaka kuchitsime.
Mizere yawongoka ngati mwakoka chingwe.
Ayi, nyemba m'kati mwa chimanga salola,
phando lililonse mbewu yake.
Ndikudziwa kuti n'kuwononga malo,
koma amene anapanga gemuyi sanalimepo ku Chigumula.

Dzinja lachiwiri lino khasu lanu lili kuseri kwa chitseko,
mpini unayamba kufumbwa,
mayi amati tisamalitchule.
Lero mwandifunsa katatu kuti manyowa apezeka kuti.

Batire latsala pang'ono, ndipo ndikudikira uthenga wa ntchito
kuchokera ku Ginnery Corner.
Chabwino, thirirani mzere womalizawo.
Kenako lowani m'nyumba, dinani pabedi.
Ndikatenge tchaja kwa a Nanthambwe,
kwawo akuti ayaka.